Buku Lopanda Zithunzi

Mlandu wa buku unandipeza Lachitatu m'mawa, tiyi ndisanamwe n'komwe. Wapolisi mnzanga amene anauyamba anali atapita kumaliro, ndipo pamwamba pa fayilo anangondisiyira kapepala kakuti, "Watha uwu, Sajeni. Mawa kukhoti." Mnzangayu milandu yake imatha msanga nthawi zonse. Akamva dandaulo, amayang'ana wosauka kuposa onse m'nkhaniyo n'kumutsekera.

Nkhani yake inali yotere. Bambo wina, mwini sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, analemba buku la zikwangwani za pamsewu ndi mafunso a mayeso a laisensi. Ophunzira ake amamutcha a Pondabuleki, poti mawu amenewo sachoka pakamwa pake. Bukulo analilemba zaka zinayi. Lisanatuluke n'komwe kosindikiza, linapezeka lili m'mafoni a theka la tauni, anthu akungotumizirana. Malinga ndi dandaulo, amene anali nalo pa kompyuta anali mmodzi yekha, mtsikana wotaipa wa kosindikizako. Ameneyo ndiye anali m'chitokosi mwathu chiyambire dzulo lake.

Ndinamupeza atamutulutsira pa benchi la m'khonde, akuyamwitsa. Mwanayo, wa miyezi isanu, anabwera naye ndi mayi ake a mtsikanayo, amene anaima chapatali n'kumandiyang'ana ngati ndine ndinagula loko wa pachitseko.

"Bukuli unatumizira ndani?" ndinafunsa.

"Sindinatumizire munthu, amayi."

"Mlongo wako wofuna laisensi? Bambo a mwanayu?"

"Bambo a mwanayu ndi a njinga yakapalasa. Kafoni kawo n'kamabatani." Anasinthira mwana ku bere lina. "Kompyuta yanga ilibe intaneti. Abwana anadula waya chaka chatha, ati timaonera mafilimu. Polowetsa fulashi anamatapo guluu. Ndikanalitulutsira pati?"

Ndakhala pantchitoyi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo sindinaone wotsekeredwa amene alibe chifukwa chomveka bwino chokanira. Ndinatseka fayilo kuti ndizipita.

"Amayi," anandiitana. "Mungandionetseko lobedwalo? Aliyense akuti ndaba, koma palibe wandionetsa chimene ndabacho."

Ndinatsegulanso fayilo. Munali dandaulo, munali mawu a mwini makina osindikizira, munali siginecha ya mnzanga yokhotakhota ngati nyongolotsi. Buku lobedwalo munalibe. Ndinachita manyazi m'malo mwa mnzangayo.

* * *

Kosindikizako kunali fungo la inki ndi mapepala otentha. Mwini makina, munthu wamimba ndi wamawu, anandichingamira pakhomo atayamba kale kulankhula.

"Akuba, madamu! Dziko ladzaza akuba a chala chimodzi. Kale wakuba ankatuluka thukuta, kuthyola zenera, kulumidwa ndi galu. Lero amangodina, basi, thukuta la munthu la zaka zinayi lapita. Mum'mange ameneyo, ena atengerepo phunziro."

Ananditengera pa tebulo la mtsikanayo. Guluu uja analipodi, wouma gwa, ndipo waya wa intaneti unathera m'malere kuseri kwa kabati. Atayatsa kompyuta, pakona panatuluka kakalata kofiira.

"Aka kakuti chiyani?" ndinafunsa.

"Aa, musakalabadire ako, kamangobwera."

"Kakuti pulogalamu mukugwiritsa ntchitoyi si yogula."

Anakanda m'khosi. "Madamu, pulogalamu imeneyi mtengo wake ndi wa makina onse mukuwaonawa. Eni ake ali kutsidya kwa nyanja, sadziwa n'komwe kuti ine ndinabadwa. Zimenezo n'zosiyana."

Sindinatsutse. Kompyuta ya ku ofesi kwathu imatulutsa kakalata komweko, ndipo ife osunga lamulo timangokakankhira pambali m'mawa uliwonse.

Anatsegula buku la a Pondabuleki. Inali ntchito yooneka bwino, masamba makumi asanu ndi anayi, tsamba lililonse zikwangwani zamitundu zitandandalikidwa mwadongosolo, mawu ake pansi.

"Makiyi a pano amasunga ndani?"

"Ine ndekha. Loweruka masana ndikatseka, mpaka Lolemba."

"Nanga mtsikanayo analitulutsa bwanji, waya mulibe, fulashi yosalowa?"

"Ana a masiku ano ali ndi njira zawo." Anazimitsa kompyuta. "Ndipo ndineneretu, ngakhale mum'tulutse, kuno asabwerenso. Makasitomala amva kale. Ndani angasiye pepala lake m'manja mwa wakuba?"

"Inu lobedwalo mwaliona?"

"Ndilionerenji? Langa lili pompa."

Anthu awiri tsopano, ndipo palibe analiona.

* * *

Pa depoti ya maminibasi pali bambo wina amene amakhala pansi pa ambulera ndi laputopu yong'aluka pakona, kuikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Amamutcha Memole. Atandiona anayamba kutseka laputopu pang'onopang'ono, ngati kuti wangotopa.

"Tsegula," ndinatero. "Sindinabwerere nyimbo. Ndikufuna buku la zikwangwani."

"Bwana, tisanapite patali, ndifunse. Ndaba chiyani? Munthu akakuberani nkhuku, m'mawa mumapeza khola lili pululu. A Pondabuleki buku lawo akadali nalo. Ine ndangolibereketsa ana." Anaseka yekha. "Komanso makondakitala onsewa akufuna laisensi. Akanagula bukulo ndi angati? Ine ndikuphunzitsa mtundu, bwana."

"Ukawauze a khoti zimenezo. Wolemba bukuyo adye chiyani?"

"Nanga inu nyimbo zili m'foni mwanumo munagula kuti?"

Ndinamupatsa foni yanga. Analumikiza kachingwe kake, uku akung'ung'udza.

"Ndiponso katundu wake ndi wosalongosoka. Anthu akubwera kudzanditukwana. Munaonapo buku la zikwangwani lopanda chikwangwani ngakhale chimodzi?"

"Wati chiyani?"

"Dzionereni nokha."

Ndinalitsegula nditaima padzuwa pomwepo. Mutu wake unali womwewo, mafunso omwewo. Koma paliponse pamene m'buku la mtsikana uja panali chithunzi, apa panali mawu. "Chozungulira ngati mbale, m'mphepete mofiira, pakati galimoto ziwiri, yakuda ndi yofiira." Ndinatsika pansi. "Cha makona atatu, muli sitima yakuda, utsi uli kumanzere." Wakuba wanji amene amachotsa zithunzi zokonzedwa kale n'kukhala pansi kumazifotokoza chimodzichimodzi? Wakuba ndi waulesi, ndicho chimamupangitsa kuba.

Pa tsamba la makumi atatu ndi limodzi ndinaima. "Cha makona atatu, muli ana awiri agwirana manja. Ndi chija chili pakhota la kwa achemwali anu."

Ndinawerenganso kawiri. Buku lolembera anthu onse silidziwa kumene achemwali a wowerenga amakhala. Ili analembera munthu mmodzi.

"Wakupatsa ndani?" ndinafunsa Memole.

Analoza ndi milomo kondakitala wina amene ankadya nzimbe atatsamira minibasi. Kondakitalayo sanavute. Anati anamutumizira azakhali ake, ogulitsa nsapato za kaunjika mumsika.

* * *

Azakhaliwo ndinawapeza akutsuka nsapato m'beseni, thovu mpaka m'zigongono. Nditangotchula mawu akuti kuba, anaimirira n'kugwira m'chiuno.

"Ine? Kuba? Mwana wanga, yunifolomuyo isakunamize, ine ndine wa mvano wa amayi kutchalitchi. Bukulo anandipatsa okha a Pondabuleki!"

"Okha?"

"Ndi dzanja lawo. Dikira." Anapukuta manja pa epuloni, n'kusolola foni pachifuwa. "Ine ndine wophunzira wawo. Ndalephera katatu, sindibisa, chimandigwetsa ndi kubwerera chafutambuyo. Ndiye Lamulungu lijali, osati lapitali, linzake, ndinawalembera kufunsa kuti Lolemba ndibwere nthawi yanji. Sanayankhe za nthawiyo. Ndinangoona ichi chalowa."

Ndinayang'ana. Nambala inali ya a Pondabuleki, yomwe inali pa dandaulo. Lamulungu, itangokwana 2 koloko masana. Buku lokha, popanda liwu lililonse. Pansi pake azakhaliwo analemba kuti, "Zikomo aphunzitsi, Mulungu akudalitseni." Yankho panalibe.

"Ndinati andimvera chisoni," anapitiriza. "Ndiye ndinagawirako mwana wa mchimwene wanga uja. Chinthu chopatsidwa ulere ungachibise pansi pa pilo? Iyeyo ndiye pakamwa ndi pa foni n'chimodzimodzi, sizitsekeka."

"Mukudziwa kuti pali mtsikana ali m'chitokosi chifukwa cha bukuli?"

Nkhope inagwa. "Ndinamva kuti agwira wakuba. Ndinkayesa ndi buku lina, lija lazithunzi akuti likubweralo. Nanga ndani anandifunsa ine?"

Ndinajambula uthengawo ndi foni yanga. Ndikutembenuka kuti ndizipita, ndinafunsa mongocheza kuti a Pondabuleki amaphunzitsa bwanji.

"Kale ankangokalipa. Chaka chino abwera ndi njira yatsopano, ati ndi ya kunja. Chikwangwani chilichonse uchitchule mokweza usanachifike. Munthu akamawoloka, unene kuti munthu uyo. Njinga, unene kuti njinga iyo. Pofika kunyumba kukhosi kwauma." Anabwezera nsapato m'madzi. "Ndiye mayi akunyumba kwawo amakhala pampando wakumbuyo tsiku lililonse. Amati tiwasiye pamsika, koma tikafika pamsika satsika."

Ndinasiya basi, ndinakwera njinga yamoto.

* * *

Ofesi ya sukuluyo inali chipinda chimodzi, khoma lonse zikwangwani zojambula pamalata. Panja panaima kagalimoto koyera ka zilembo zofiira. A Pondabuleki anali munthu wamtali, shati yosita bwino, tayi pakhosi ngakhale kunkatentha. Akazi awo anakhala pa tebulo lapakona akudinda mafomu a ophunzira.

"Mwabwera, a Sajeni," anatero bamboyo ndisanadzitchule, mayiwo atangowanong'oneza. "Wavomera?"

"Sanavomere. Aphunzitsi, bukuli linachokera pa foni yanu. Linapita kwa mayi wogulitsa nsapato uja."

Sanagwedezeke. "Ndiye mwamugwira bwino. Ndikapita kosindikiza, foni yanga ndinkaisiya pa tchaja pa tebulo lake. Anatumiza yekha kuti mlandu ugwere ine. Mwana wochenjera, ndipo ine ndinkamuyesa wanga."

"Linatumizidwa Lamulungu masana. Lamulungu kosindikiza kumakhala kotseka, makiyi ali m'thumba la mwini wake. Inu munali kuti?"

"Kunyumba. Pampando wanga, ndikumvetsera."

"Kumvetsera chiyani?"

"Wailesi," anayankha mayi aja msanga. Chidindo chinali chitaima m'malere.

Ndinatulutsa foni yanga n'kuwapatsira bamboyo. "Taonani uthengawu, mundiuze ngati nambalayi si yanu."

"Magalasi ndaiwala kunyumba. Awerenge mayiwa."

"Ndiwerenga ndine," ndinatero, koma sindinawerenge nambala. Ndinatsegula tsamba la makumi atatu ndi limodzi. "Cha makona atatu, muli ana awiri agwirana manja. Ndi chija chili pakhota la kwa achemwali anu."

Panja wina ankaliza hutala.

"Mwazitenga kuti zimenezo?" Mawu a bamboyo anali atatsika.

"Pa depoti. Ndilo buku lili m'mafoni a anthu."

"Ayi. Ayi, a Sajeni, mwasokoneza. Limenelo ndi langa ndekha, lili m'foni mwanga mokha. Lobedwa ndi lazithunzi, la kwa mtsikana uja."

"Munaliona ndi maso anu?"

"Anandiuza ophunzira kuti buku langa lili ponseponse. Wina anabwera nalo pa foni. Mayiwa anayang'ana, anati ndi lomwe lija la kosindikiza." Anatembenuzira mutu kumene kunali tebulo, koma maso awo anagwera pakhoma, pambali pang'ono pa akazi awo. "Si choncho, amayi?"

Mayiwo anaika chidindo pansi bwinobwino, ngati chingasweke.

"Ndi shuga, a Sajeni," anatero akuyang'ana ine, osati amuna awo. "Anayamba chaka chatha. M'mbalimu amaona, chinthu chachikulu amachiona. Pakati penipeni ndi utsi wokhawokha. Bukuli analimaliza asakutha kuwerenga zimene alemba. Ndiye ndinakhala pa tebulo la kukhitchini miyezi iwiri, ndi zala ziwiri izi, kulemba lawolawo loti foni iziwawerengera m'makutu, amve ngati mtsikana uja waika zonse m'malo mwake. Zithunzi foni siwerenga. Ndinkazifotokoza m'mene angazikumbukire."

"Nanga Lamulungu lija?"

"Ankafuna kubwereza tsamba. Chala chinagwera pena. Ndinaona madzulo ake kuti lapita kwa mayi wa nsapato, ndinafufuta, koma linali litafika kale." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya mpango. "Ndinati zingothera pomwepo."

"Amayi," anatero a Pondabuleki. "Munadziwa?"

"Ndikanati chiyani, bambo? Kuti buku lobedwalo ndi la munthu wosaona? Akamva a ofesi ya zamsewu, chiphaso chanu chophunzitsira chapita tsiku lomwelo. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Inu mukanakhala ndani pakhomo popanda galimoto ija? Mutapsa mtima n'kupita kupolisi, ndinati amufunsa mafunso n'kumusiya. Sindinadziwe kuti amutsekera."

"Dzulo munadziwa," ndinatero.

"Dzulo ndinadziwa."

Ndinapsa mtima, sindinama. Ndinaganiza za khanda lija likuyamwa m'khonde mwa polisi, ndinafuna kuwagwedeza mayiwo mapewa. Koma ndinaonanso zala zawo ziwiri zija, ndi mpando wakumbuyo umene ankakhalapo tsiku lililonse kuonera msewu m'malo mwa mwamuna wawo, ndipo chisoni chinandigwira pamodzi ndi mkwiyowo.

Mayiwo anadzuka n'kundigwira mkono. "Mwana wanga, iwenso ndiwe mkazi. Lemba kuti aphunzitsi amukhululukira, athetsa mlandu. Atuluke lero lomwe. Zinazi zitsale m'chipinda muno."

"Wokhululukidwa ndi amene analakwa, amayi. Ndikalemba choncho atuluka, inde, koma atuluka ali wakuba. Abwana ake anena kale kuti asapondekonso, ndipo palibe adzamupatse pepala loti ataipe m'tauni muno. Chingamuyeretse n'chimodzi, kuti zidziwike kuti buku lili m'mafonilo si lake, ndi chifukwa chake lilibe zithunzi." Ndinachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono. "Ndipo ngakhale pakanapanda mtsikanayo, ine sindingagone ndikudziwa kuti mawa galimoto ija ituluka ndi wophunzira, womuyang'anira akudalira kuuzidwa kuti munthu uyo."

Kenako a Pondabuleki anafunsa, osayang'ana aliyense, "Paja ali ndi khanda?"

"La miyezi isanu."

"Anagona pati?"

"Pasimenti. Mwana anagona kwa agogo ake, akulira."

Anaimirira, nakonza tayi, napapasa pakhoma mpaka anapeza chipewa chawo pamsomali.

"Amayi, tulutsani galimoto," anatero. "Muyendetsa ndinu."

* * *

Pamaso pa mkulu wa polisi yathu a Pondabuleki sanazungulire. Ananena zonse ataimirira, za shuga, za utsi wa pakati pa maso, za chala chimene chinagwera pena, ngakhale za ophunzira otchula zikwangwani mokweza, zimene palibe anawafunsa. Akazi awo ankalira mwakachetechete pampando. Ndinalemba, ndinawawerengera mokweza, n'kuika chala changa pamzere kuti adziwe posaina. Mkuluyo anati kalata yopita ku ofesi ya zamsewu ituluka Lachinayi, ndipo a Pondabuleki anangoti, "Ndamva, bwana."

Mtsikana uja ndinakamutsegulira ndekha. Ndili kumufotokozera, sanasangalale monga ndinkayembekezera.

"Ndiye ndinagona pansi chifukwa cha chala chawo?" anatero. "Ali kuti? Ndikufuna ndiwauze mawu awiri, munditsekerenso ngati mukufuna."

"Saina kaye katundu wako."

Anaima pa kauntala kumapeto kwa khonde, akuvala nsapato zake ndi kulandira ndolo zimene anamuvula dzulo. Mayi ake anali pambali pake, mwana ali kumsana. Pa benchi paja tsopano panakhala mtsikana wina wamsinkhu womwewo, amene anabwera kudzadandaula za foni yake yotayika m'basi, atagwira kapepala ka nambala podikira.

Chitseko cha ofesi ya mkulu chinatseguka. A Pondabuleki anatuluka okha, atakana dzanja la akazi awo. Wina anali atawauza kuti mtsikanayo ali pa benchi. Anayenda mowongoka, anaima patsogolo pa mlendo uja, anavula chipewa, n'kugwada pasimenti ndi mawondo onse awiri, tayi ikulendewera.

"Mwana wanga," anatero, "ndakulakwira. Unandigwirira ntchito yabwino, ine ndakubwezera chitokosi. Sindikupempha kuti undikhululukire lero."

Mlendoyo anatong'ola maso, kuyang'ana ine, kuyang'ana bamboyo, kapepala kali m'manja. Khonde lonse linaima. Wapolisi wa pa kauntala anafuna kuseka, ndinamuyang'ana, anameza.

Mtsikana wotaipa anali atagwira ndolo imodzi m'manja. Mawu awiri aja ndinawaona akumuthawa pankhope. Kwa miyezi itatu bamboyu ankakhala pambali pake kosindikiza, akugwedezera mutu masamba amene ankawaonetsa pa kompyuta, akuti zili bwino, zili bwino.

"Aphunzitsi," anatero motsitsa. "Ndili kuno."

A Pondabuleki sanadzuke. Anatembenukira kumene kunachokera mawuwo, akadali chigwadire, n'kuyambiranso poyamba.